Sitima ya Mlongo Wanga

Ababa anabwera kuchokera ku Joni ine ndili Sitandade 3, m'nyengo ya mwera, asodzi akudandaula kuti usipa wasowa. Anatsika lole pamsewu waukulu ali ndi sutikesi yachitsulo, wailesi yokulunga m'bulangete, ndi katoni yaikulu yaphwatalala imene sanalole munthu wina kuwanyamulira. Nkhope yawo ndinali nditaiiwala. Ndinangoona munthu wamtali, wowonda, akubwera m'kanjira ka pakati pa mathandala oyanikapo nsomba, ana a ku Nkope ali piringupiringu pambuyo pake.

Ananyamuka kupita ku migodi mlongo wanga ali khanda lakumsana. Mwanayo anakula osawadziwa bambo ake. Anayamba kuyenda, anayamba kulankhula, ndipo ankavutitsa abakha a anthu m'mudzi monse. Kenako kunagwa chikuku. Chinatenga ana angapo, nayenso chinamutenga. Uthenga wa maliro amayi anautumiza kudzera mwa bambo wina amene ankabwerera ku migodi komweko, koma bamboyo anasemphana ndi ababa panjira. Choncho pa anthu onse amene anasonkhana pabwalo pathu tsiku limenelo, amene sankadziwa kuti mwana anamwalira anali bambo ake okha.

Anawapatsa mpando. Anapereka moni kwa aliyense, akuluakulu poyamba, kenako ife. Ine anandikoka n'kundiimika pakati pa mawondo awo. Ankandiitana kuti amama, chifukwa ndinapatsidwa dzina la mayi awo.

"Amama, mwakulatu. Nanga mwamuna wa pakhomo pano ali kuti? Wandibisalira?"

Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Amjomba, mchimwene wa amayi, ndi amene anawagwira ababa pamkono n'kupita nawo kuseri kwa nyumba. Ndinatchera khutu kuti ndimve kulira, koma sindinamve kanthu. Atabwerako anakhala pa sutikesi ija, katoni ili pamiyendo, akungoyang'ana pansi. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi osatsanzika. M'mawa mwake amayi anawaperekeza kumanda a ku mishoni, ndipo katoni ija inalowa pansi pa bedi.

Inakhala komweko mpaka mwera unatha. Ine ndinkaisuzumira ndikamasesa. Pamwamba pake panali chithunzi cha mwana wachizungu atagona chafufumimba pansi, akuyang'ana chinthu chakuda chotulutsa utsi. Kufunsa ndinkaopa.

Lamulungu lina titachokera ku tchalitchi, ababa anazula chitseko cha khitchini, n'kuchigoneka pakhonde. Anachiika timiyala kunsi mpaka chinakhala bwino osapendekeka, anachipukuta ndi nsanza, kenako anandituma.

"Amama, kasambeni m'manja. Mukabwere ndi katoni ija. Munyamule ndi manja awiri."

M'katimo chilichonse chinali ndi malo ake. Munali tinjanji tokhota timene ankatilumikiza n'kukhala bwalo, mabogi atatu ofiira okhala ndi mawindo ojambula, ndi mutu wa sitima, wobiriwira, wolemera kuposa mmene unkaonekera. Munalinso kanyumba ka siteshoni ndi kamtengo kokhala ndi dzanja limene limakwera ndi kutsika. Zonse zinali za malata, koma zopakidwa utoto wonyezimira ngati mbale zatsopano. Ababa anatenga kiyi, anamulowetsa m'mbali mwa mutu uja, n'kupotokola pang'onopang'ono. Ataukhazika panjanji anakankha kachitsulo kena, ndipo chinthucho chinanyamuka chokha, chikukoka mabogi ake, chikulira kuti tchekete tchekete.

Ndinakuwa. Kwathu sitima imene tinkaidziwa inali ya pamadzi, imene tinkaionera patali ikudutsa. Ya pamtunda tinkangoimva m'mabuku a kusukulu, ndipo aphunzitsi athu ankaijambula pabolodi ngati mabokosi omangirira pa chingwe. Tsono iyi inali pakhonde pathu, ikuzungulira pachitseko cha khitchini.

"Ndi yanga?" ndinafunsa.

"Ndi ya mlongo wanu," anatero ababa. "Koma mukhoza kumaonera."

Sanasinthe mawu amenewo mpaka imfa yawo. Sanatchulepo kuti sitima yanga, kapena sitima yathu. Pa nthawiyo zinkandiwawa. Ndinkadzifunsa kuti munthu woti kulibe angakhale bwanji ndi katundu, ine wamoyo ndili ndi diresi imodzi yokha imene anandibweretsera, yayifupi manja chifukwa anayerekeza molakwika msinkhu wanga.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse masana ana ankadzaza pabwalo pathu. Ankabwera a ku mishoni, ankabweranso ana a Asilamu a kumunsi kwa doko, ena atabereka azing'ono awo. Malamulo anali awiri: osakhudza, ndiponso osathamanga pafupi ndi khonde, chifukwa mchenga ukalowa m'mawilo sitima ifa. Kupotokola kiyi inali ntchito ya ababa okha. Ikamazungulira ankatchula malo amene anadutsa pa ulendo wawo, ngati kondakitala: "Mafikeng'i! Bulawayo! Halale! Dondo! Otsika ku Limbe konzekani!" Ana ankayankha kuti "Tatsika!" n'kumaseka. Ikatha mphamvu inkaima paliponse, ndipo ababa ankati madzi atha mu injini, tidikire. Pomaliza ankaipukuta chidutswa chilichonse, n'kudontheza mafuta a makina osokera m'mawilo ndi nthenga ya nkhuku. Mafutawo ankawapempha kwa telala wa pamsika, mnzawo amene anali naye ku migodi.

Amayi sanaionerepo. Chitseko chikangozulidwa ankatenga beseni la zovala n'kupita kunyanja, ngakhale zovalazo zikhale zoyera. Ankabwerako katoni italowa kale pansi pa bedi.

Masiku amenewo munthu sunkayenda wopanda khadi la chipani. Pamsika, pachipatala, pokwera basi, paliponse ankalifuna. Komanso dera lathu boma linkaliyang'ana ndi diso lina, ndipo munthu wochokera kunja ankakayikiridwa. Tsiku lina sitima ikuyenda, pabwalo panafika anyamata atatu a chipani, a malaya ofiira. Ana anabalalika n'kukaima chapatali. Wamkulu wawo, mlendo kwa ife, anayamba wafuna makhadi. Ababa analowa m'nyumba n'kubwera ndi lawo, la amayi, ndi langa. Mnyamatayo anawatembenuzatembenuza, kenako analoza sitima ndi ndodo yake.

"Tamva kuti muli ndi makina ochokera kunja. Amapotokola ndi kiyi. Amalankhula ndi ndani?"

"Salankhula. Ndi chidole cha mwana."

"Mwana wake uti? Uyu?"

"Ayi. Wamwamuna."

"Nanga khadi lake bwanji simunatulutse?"

Ababa anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Ali kumanda a ku mishoni," anatero. "Mzere wa ana, chakumpanda. Mukamufunse komweko."

Anthu ankatengedwa pa mawu ochepa kuposa amenewo, osabweranso. Koma mmodzi mwa anyamatawo anali wa m'mudzi mwathu momwemo, ndipo anakumba nawo manda a mlongo wanga. Anamunong'oneza mnzakeyo m'khutu. Wamkuluyo anatsitsa ndodo, anayang'ana kumbali, kenako anati, "Tayendetsani tione."

Ababa anapotokola kiyi. Anyamata atatu aja ananjuta pansi, ndodo zili pamchenga, maso akutsatira sitima. Itaima, wamng'ono wawo anati, "Bwerezaninso, madala." Anabwereza. Pochoka sananene kanthu za makina, ndipo sanabwerenso. Koma tsiku limenelo ababa sanatchule masiteshoni.

Ku migodi anabwerako ndi chifuwa. Poyamba ankati ndi fumbi chabe, lituluka lokha akapuma mpweya wa kunyanja. Silinatuluke. Anayesa kupita nawo kokoka chilimira, ukonde waukulu wa utaka, koma anzawo anawabweza atagona m'bwato, akulephera kupuma. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yosoka maukonde a anthu pansi pa mtengo wa mango, n'kumalandira mbale ya nsomba. Wailesi ija inagulitsidwa. Jekete yachikopa inatsatira, kenako nsapato. Amayi ankawamba nsomba za eni ake, maso ali ofiira ndi utsi tsiku lililonse. Ku chipatala cha ku boma anawapatsa mapiritsi, anapezako bwino pang'ono, kenako chifuwa chinabwerera.

Amjomba ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina ku Nkopola. Kumeneko kunafika mzungu wachikulire, woyendera ntchito za misewu, amene ankakonda kucheza ndi antchito. Tsiku lina anatchula kuti kwawo amasonkhanitsa sitima zoseweretsa zakale. Amjomba anati alamu awo ali nayo. Mzunguyo anaseka, akuganiza kuti akunena za magalimoto a waya amene ana amapanga. Koma amjomba atafotokoza za katoni ndi kiyi, anapempha kuti akaione.

Anabwera Loweruka, pa galimoto imene inatitimira mumchenga mpaka anyamata anachita kuikankha. Amayi anasesa pabwalo kawiri. Ababa anavala malaya awo a ku tchalitchi, anazula chitseko, n'kuyala zonse. Mzunguyo anagwada pakhonde, anavala magalasi, n'kupempha chilolezo chogwira. Anautembenuza mutu wa sitima, anawerenga timalemba tapansi pake, anayang'ana bogi iliyonse, ngakhale katoni anaiyang'ana m'makona monse. Kenako anaimba kamluzu kotsika.

Amjomba ndi amene ankamasulira.

"Akufunsa kuti munaigula kuti."

"Pa sitolo ya zinthu zakale, pafupi ndi siteshoni. Inali pawindo. Ndinkaiona nthawi zonse ndikatuluka mu komponi ya pamgodi."

"Akuti si ya masiku ano iyi. Inapangidwa nkhondo yaikulu isanayambe, ndipo fakitale yake inasiya kupanga zoterezi. Akuti kupeza yathunthu chonchi, ndi katoni yake, yosachita dzimbiri, n'kovuta ngakhale kwawo. Akuti mwaisamala kwambiri."

Ababa anagwedeza mutu. Ndinaona kuti mawu amenewo awakomera.

Kenako mzunguyo anatchula mtengo. Amjomba anamufunsa kachiwiri kuti atsimikize, kenako anamasulira. Zinali ndalama zogulira bwato lamatabwa ndi ukonde watsopano, n'kutsalako. Ndi bwato lathulathu ababa akanatha kukhala pansi pa mango paja, anyamata n'kumawaphera nsomba. Amayi anali ataima pakhomo, dzanja lili pakamwa.

"Mufunseni," anatero ababa, "mwana wake ndi wamkulu bwanji."

Amjomba anafunsa. Mzunguyo anapukusa mutu akumwetulira.

"Akuti alibe mwana. Ndi zake iye mwini. Ali ndi kabati yagalasi, amaziika mmenemo."

"Amaziyendetsa liti?"

"Akuti zakale chonchi saziyendetsa. Sipuling'i ikaduka mtengo umatsika."

Ababa anayang'ana njanji. Kenako anayamba kuzimasula, chidutswa chimodzichimodzi, n'kumazibwezera m'katoni.

"Muuzeni kuti zikomo poyenda ulendo wonsewu. Mwini wake kulibe, ndiye sindingagulitse."

"Alamu!" anatero amjomba, osamasuliranso. "Mukudya chiyani pakhomo pano? Mlongo wanga akutha ndi utsi, inu mukusunga malata? Mwanayo anapita. Wotsalayu bwanji?"

Mzunguyo anaona kuti zinthu zavuta. Anawonjezera mtengo kamodzi, ndipo atakanidwanso anaimirira, anawagwira ababa chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti akasintha maganizo amupeza ku hotela mpaka mvula itayamba. Amjomba anakwera nawo galimoto osatsanzika, ndipo anatha miyezi osaponda pakhomo pathu.

Galimoto itapita, amayi anakhala pansi pamphasa n'kuyamba kusankha utaka umene anali atayanika. Ine ndinkawathandiza. Ababa anatuluka n'kukhala pampando wawo. Amayi analankhula osadzutsa mutu, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutchula za mwanayo pamaso pa ababa.

"Amene anamubereka kupita naye kuchipatala ndine. Amene anabwera naye kumsana atazizira kale ndine. Panjira ponse anthu ankandipatsa moni, ine n'kumayankha, osadziwa kuti ndabereka maliro. Inu munali kuti? Munali pawindo la sitolo. Lero mukuti mwini wake kulibe. Ine sindikudziwa kuti kulibe?"

Ababa anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anati:

"Inu munamuona, mayi. Munamugwira, mukudziwa mawu ake. Ine ndinamusiya asanamere dzino. Kumene kuja ndikaona mwana wa munthu akuyenda mumsewu ndinkafunsa zaka zake, kuti ndidziwe wanga wafika pati. Chimene ndinamuchitira pa moyo wake wonse ndi chimenechi basi. Ndikachigulitsa ndiye kuti sindinamuchitire kanthu."

Amayi anapitiriza kusankha nsomba. Misozi inkagwera pa utaka, osaipukuta. Nkhaniyo sanaibwerezenso.

Mvula inayamba, mzungu uja anapita. Ababa anayamba kulavula magazi. Lamulungu ankandituma kuti ndizule chitseko ndekha, iwo atatsamira khoma, atafunda bulangete. Zala zawo zinalibenso mphamvu yopotokola kiyi mpaka kumapeto, ndiye sitima inkangoyenda pang'ono n'kuima. Tsiku lina anandipatsa kiyi uja.

"Pang'onopang'ono, amama. Mukamva kuti walimba, siyani. Musakakamize."

Ndinaiyendetsa ndekha masabata ochepa okha. Anamwalira chimanga chikumasula ngayaye, m'mawa, amayi atapita kukatunga madzi.

Kwawo kwa ababa kunali ku Namwera, kumapiri. Kwathu kuno anabwera kudzakwatira. Choncho maliro atatha, abale awo anakhala pansi kuti atenge katundu wa m'bale wawo, monga mwa mwambo. Wotsogolera anali mkulu wawo wa ababa, amene ine ndinkamutchula kuti abambo aakulu, mlimi wa fodya. Katunduyo sanali wambiri: sutikesi, mpando, malaya, singano zosokera maukonde. Koma pa maliropo nkhani ya mzungu inali itamveka, chifukwa amjomba ankaifotokozera aliyense modandaula. Abambo aakulu anafunsa za katoni.

Amayi anaitulutsa okha. Atayiika pansi anagwada.

"Alamu, zina zonsezi tengani. Ichi chokha ndisiyireni. Si cha achimwene anu. Ndi cha mwana."

Ndinadabwa. Awa anali amayi omwe aja amene ankathawira kunyanja.

"Anagula ndani?" anafunsa abambo aakulu.

"Anagula iwo."

"Ndiye ndi cha kwathu. Mchimwene wanga anatha mphamvu zake kuno, ife kumudzi sitinaone ngakhale bulangete. Mayi ake anamwalira akumudikira. Musatiyese anthu oipa, alamu."

Amjomba anayesa kulankhulapo, koma anauzidwa kuti iwo ndi amene ankafuna kuti chigulitsidwe, ndiye asasinthe lero. Katoni inamangidwa ndi luzi pamodzi ndi mpando. Pambuyo pake tinamva kuti pobwerera abambo aakulu anatsikira ku Nkopola n'kukaima pageti la hotela ndi katoniyo, akufunsa mzungu wa sitima. Alonda anawauza kuti anabwerera kwawo kalekale. Anayesa kuonetsa alendo ena, koma palibe anaifuna. Anakwera nayo ku Namwera.

Zaka zambiri pambuyo pake mwana wanga anandionetsa pa foni zithunzi za sitima zonga imeneyo, ndi mitengo imene anthu akunja amagulitsirana. Mzungu uja sananame, mwinanso anatchula mtengo wochepa. Nthawi zina ndimaganiza za bwato lija, kuti mwina ababa akanadya bwino n'kukhalako chaka china, mwina ine sindikanasiyira sukulu pa Sitandade 8. Amjomba anakhulupirira zimenezo mpaka ukalamba wawo, ndipo sindinganene kuti ankalakwa. Sindinganenenso kuti ababa ankalakwa.

Chitseko chinabwerera pakhitchini. Ana anasiya kubwera. Chaka chimenecho tinavutika kwambiri, ndipo amayi anayamba kupita ndi nsomba zouma ku msika wa ku boma. Anthu atakolola chaka chotsatira, tsiku lina anandiuza kuti ndichape diresi, tikupita ku Namwera. Anasankha chambo chowamba chabwino kwambiri n'kudzaza dengu.

"Tikukatani?" ndinafunsa.

"Ndikufuna ndikaione ikuyenda," anatero. "Sindinaionepo. Ndinkangothawira kunyanja."

"Mukaitenga?"

"Akandipatsa ndidzatenga. Akakana, andionetse chabe."

Tinakwera basi mpaka ku boma, tinawoloka Shire, kenako tinapeza lole yonyamula matumba imene inkakwera mapiri. Kunali kuzizira kumene ine sindinakuzolowere. Tinafika masana. Abambo aakulu tinawapeza m'chigafa akumanga fodya. Anatilandira bwino, akazi awo anasangalala ndi nsomba, anatiphera nkhuku. Titadya amayi ananena chimene tinabwerera.

Abambo aakulu anayang'ana akazi awo, kenako anayang'ana pansi.

"Alamu, mukanatumiza uthenga."

Anafotokoza mosabisa. Atafika nayo anaiika pamwamba pa kabati, akuyembekeza kuti mwina adzamva za mzungu wina. Adzukulu awo anaitsitsa iwo ali kumunda. Anaiyendetsa pafumbi, akulimbirana kiyi, mpaka china chake chinaduka m'kati. Iwo anapita nayo kwa wokonza njinga, amene anaitsegula n'kulephera kuibwezera. Katoni inanyowa ndi mvula yodontha, anayatsira moto.

Anatuma ana kuti asonkhanitse zimene zatsala. Anabwera nazo m'lichero. Munali tinjanji tingapo topindika, tina atatiwongola kuti azikolekera zinthu m'chigafa. Bogi imodzi inali yodzaza misomali, ina yopanda mawilo. Yachitatu sinapezeke. Denga la kasiteshoni linali litaphwanyika. Utoto wofiira uja unali utasanduka dzimbiri.

"Mutu wake uli kuti?" anafunsa amayi.

Mtsikana wina anathamangira kuseri kwa nkhokwe. Tinamva kulira. Anabwera atanyamula mutu wa sitima, womangidwa chingwe cha khonje kutsogolo, ndipo pambuyo pake pankabwera kamnyamata kopanda malaya, kamimba tantha, kakulira ndi mphamvu zake zonse. Kanali kamdzukulu ka abambo aakulu, ndipo ndi kamene kankaukoka pabwalo tsiku ndi tsiku.

Amayi analandira mutuwo. Unali wopepuka tsopano, m'kati mulibe kanthu. Anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, anayendetsa mawilo ake pachikhatho. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inkathamanga kwambiri?"

"Poyamba. Kenako inkachepetsa."

"Pokhota sinkagwa?"

"Ayi. Inkangopendekeka pang'ono."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza chinthu chofunika. Kamnyamata kaja kanali katasiya kukuwa, kakungosisima, kataima pafupi ndi bondo lawo, maso ali pa chinthu chake. Amayi anakayang'ana nthawi yaitali. Anakapukuta mamina ndi chitenje chomwecho, anakonza mfundo ya chingwe imene inali itamasuka, n'kukapatsa.

"Tengani, alamu, ngakhale chimenecho," anatero abambo aakulu. "Mwanayu aiwala mawa."

"Mulekeni," anatero amayi. "Azikoka."

Zam'lichero zija sanatengeko ngakhale chimodzi. Tinagona komweko, ndipo m'mawa abambo aakulu anatipatsa thumba la chimanga, n'kulinyamula okha panjinga mpaka pamsewu. Podikira lole anayesa kunena zinazake, koma anangoti, "Mchimwene wanga anali munthu wouma mutu kuyambira ali mwana." Amayi anati, "Eya, anali wotero." Anatsanzikana bwino.

Lole ikutsika mapiri, ife titakhala pamwamba pa mabelo a fodya, amayi anayamba kundiuza za mlongo wanga. Zambiri ndinali nditaiwala, zina sindinkazidziwa n'komwe. Anati ankaopa belu la ku tchalitchi, likalira ankabisa mutu m'chitenje chawo. Anati madzi ankawatchula m'Chiyao, mesi, chifukwa ankasewera ndi ana a kudoko. Anati ankakana kudya nsomba yopanda mutu, ndipo tsiku lina analuma katekisiti chala. Pamenepo anaseka, ine ndinasekanso, mpaka mayi wina amene tinakwera naye anafunsa kuti mwanayo ali kalasi yanji tsopano. Amayi anati, "Anatisiya ali wamng'ono." Mayiyo anapepesa.

Tinafika ku Nkope dzuwa likadali pamutu. Tinapeza mbuzi za anthu zitathyola mpanda n'kudya kholowa yense wa kuseri kwa nyumba. Amayi anatula thumba la chimanga pakhonde, anamwa madzi, anamanganso chitenje, n'kupita kukafunsa kuti mbuzizo ndi za ndani.